Nakwenda Asenza Gulugufe wa Mumchenga

Kalekale, agogo a agogo athu asanabadwe... Iwe mphwanga, machesiwo yamba waika m'thumba. Tchirelo silithawa. Khala apa. Ndati khala!

Kalekale, kudali anthu amene adathawa nkhondo kwawo. Adayenda, adayenda, mitengo idatha. Adayendabe, udzu udatha. Adafika m'chipululu, dziko la mchenga wokhawokha. Mchenga wake sudali ngati wa kudambo kwathuku ayi. Udali milu, milu, milu, ina yaitali kuposa mlambe.

Pakati pa miluyo adapeza chitsime. Chimodzi chokha. Adamanga mudzi pomwepo.

Kuseri kwa chitsimecho kudali mulu waukulu kuposa yonse. Pamulupo padayanga chitsamba china, choyanga ngati dzungu koma chaminga. Chidakuta mulu wonsewo. Maluwa ake oyera ankatseguka m'bandakucha, dzuwa likangoyamba kutentha n'kutseka.

Pansi pa chitsambacho, mumchenga, munkagona kagulugufe. Si gulugufe wa mawangamawanga uja amavina pamaluwa masana. Aka kadali kotuwa ngati phulusa. Kakatera pamchenga, ukanakaponda osakaona. Dziko lonse lapansi, kankapezeka pamilu imeneyo basi. Anthu aja sankadziwa n'komwe kuti kaliko.

M'mudzimo mudali mayi wina dzina lake Nakwenda. Mwamuna wake adali a Mdzinga. Iwowa adalasidwa mkondo m'chiuno pankhondo ija, miyendo n'kufa. Pobwera adakwera ng'ombe, koma ng'ombezo zidatha kufa m'chipululumo. Tsopano ankayenda chokwawa, ndi manja.

Nakwenda adalinso ndi mlongo wake wamkulu, a Chatsika. Iwowa ndiwo adali mwinimbumba. Pankhani yosaka mbewa, padalibe wowaposa.

Chilimwe chitafika, a Chatsika adakwera pamulu paja. Adaona mauna a mbewa pansi pa zitsamba, mbwee! Malovu adadzaza m'kamwa.

Adatsika nati, “Abale, kwathu kuja nyengo ino timatentha tchire. Mbewa tigwira, mvula ikagwa msipu uphuka. Tikudikira chiyani?”

Onse adati, “Zoonadi!”

Ndipo sankanama, mphwanga. Kwawo zinkaterodi. Koma apa sipadali kwawo.

Adatentha. Adakumba. Mbewa adapha zambiri, adafutsa, adapanika pamipani, adadya mpaka kunyambita zala. Chaka chachiwiri adatentha mulu wina. Chaka chachitatu adatentha wina. Kamvula ka m'chipululu kadagwa pang'ono, monga kamachitira. Adadikira msipu. Zii. Adadikira zitsamba zija kuti ziphuke. Zii.

Kenaka mulu waukulu uja udayamba kuyenda.

Ukuseka? Sekani, achimwene, sekani. Mchenga umayenda. Ulibe miyendo koma umayenda. Mphepo ikawomba, umasuntha pang'ono. Ikawombanso, pang'ono. Kuchokera pachitsime kufika pamulu padali mapazi zana. Mwezi utatha, padali mapazi makumi asanu ndi atatu. Utatha wina, makumi asanu.

A Chatsika adaitana mbumba yonse. Adaloza mwala umene udali pakamwa pa chitsime.

Adati, “Tsiku limene mchenga udzakhudze mwala uwu, tinyamuka. Tikafune madzi kwina.”

Nakwenda adafunsa, “Achimwene, nanga alamu anu?”

A Chatsika adayang'ana pansi. Adati, “Mlongo wanga, ulendowu ndi wa masiku khumi. Aliyense adzasenza madzi ake. Wosenza munthu palibe.”

Aliyense adamva tanthauzo lake. Chitsime chikakwiririka, a Mdzinga atsala okha mumchenga, afe ndi ludzu.

Atafika kunyumba, a Mdzinga adati, “Nakwenda, tsikulo likadzafika mudzapite. Ine moyo ndaukhuta.”

Nakwenda adati, “Khalani chete, bambo. Ndikakusiyani, ndizikakangana ndi ndani kumeneko?”

Adaseka onse awiri, koma Nakwenda mtima udamuwawa zedi.

M'mawa mwake adamanga nsalu m'chiuno, adatenga lichero, adapita pamulu paja. Adatapa mchenga, adakataya kutali. Adatapa, adakataya. Akutapa ankaimba:

Tapa mchenga, Nakwenda,
Wabweranso, tapa!
Tapa mchenga, Nakwenda,
Wabweranso, tapa!

Adatapa tsiku lonse. Kutacha, mchenga udabwerera pomwe paja, n'kuwonjezera phazi limodzi.

Adamanga mpanda wa mapesi. Kutacha kawiri, mpanda udamira, mutu wake wokha ukuoneka. Adamanga wina. Udamiranso.

Apa Nakwenda adapsa mtima. Adati, “Asa! Mchenga umenewu ndikauone kumutu kwake. Ndikaufunse chimene ndidaulakwira.”

Adadzuka tambala woyamba, adakwera muluwo. Phazi kulowa, phazi kutuluka, mpaka pamwamba. Kuseri kwake, m'kachigwa kamene moto udalumpha, adapeza chitsamba chimodzi chili moyo. Chidali ndi maluwa oyera anayi.

Akuyandikira adamva timawu, “Mayi, phazi lanulo!”

Adayang'ana uku, palibe. Uku, palibe.

“Pansi apa, mayi. Mundiponda.”

Adawerama. Adaona kagulugufe kotuwa kali phee pamchenga.

Nakwenda adati, “Ndiwe yani iwe?”

Kagulugufe kadati, “Ndine mwini wake wa pano. Tidalipo ambiri. Chilimwe timagona mumchenga pansi pa zitsamba. Inu mudabwera ndi moto.”

Nakwenda adagwira pakamwa. Nayenso mbewa zija adadya nawo, ndipo adazikonda. Manyazi adamugwira.

Adati, “Pepa. Sitinkadziwa.”

Kagulugufe kadati, “Simudafunse.”

Kenaka Nakwenda adati, “Nanga mchengawu ukuyenderanji?”

Kagulugufe kadati, “Inkaugwira ndi mizu ya zitsambazi. Zitsamba mudatentha. Mbewu zake palibe, chifukwa mbewu timabalitsa ndife. Ndikamwa m'duwa la chitsamba china, fumbi lake limandimata kumiyendo. Ndikadzamwa m'duwa la chitsamba ichi, fumbilo limatsalamo, chipatso n'kubadwa. Popanda ine, duwa limangoyoyoka.”

“Ndiye bwanji osapita kukamwa?”

“Chitsamba china chili kuseri kwa milu isanu ndi iwiri. Kale ndinkauluka pang'ono, n'kupuma pachitsamba. Kuuluka pang'ono, n'kupuma. Tsopano popumira palibe. Mwamuna wanga adayesa dzana. Mphepo idamutenga. Ndatsala ndekha, ndi mazira m'mimba.”

Nakwenda adayang'ana maluwa anayi aja.

Kagulugufe kadati, “Limagwa limodzi tsiku lililonse. Lero ligwa limodzi. Ndiye atsala atatu.”

Nakwenda adawerenga ndi zala. Adati, “Ayi, atsala anayi. Ili lakufotali ndiligwira ndi ulusi ngati kuli kofunika. Mawa ndikusenza ine.”

Kagulugufe kadati, “Ulusi sugwira duwa, mayi. Koma palinso kamphukira aka, katseguka mkuja. Masiku ndi anayi. Osapitirira.”

Tsiku loyamba, Nakwenda adafuna kukachitira zabwino. Kwathu mlendo timamupatsa madzi ndi mthunzi, si choncho? Adatenga chipanda, adayalamo kansalu konyowa, adaikamo kagulugufe, adatseka. Adayenda, adayenda, mpaka adafika kuseri kwa milu isanu ndi iwiri. Adapezadi chitsamba, maluwa ali mbee, otseguka. Adatsegula chipanda.

Mayo! Kagulugufe kadali kwala, mapiko atamatana ndi chinyezi. Kuuluka osatheka, kukwawa osatheka. Nakwenda adakaika pamchenga wofunda. Pamene mapiko ankauma, dzuwa lidali litakwera, maluwa atatseka.

Kagulugufe kadati, “Mayi, mudandiwotcha ndi moto, lero mufuna kundimiza ndi madzi? Ine ndine wa mumchenga. Mundinyamule mumchenga.”

Nakwenda adati, “Ndamva. Sindibwereza.”

Duwa limodzi lidagwa.

Tsiku lachiwiri adatenga lichero lake lija. Adadzaza mchenga wouma, adaika kagulugufe pamwamba, adapinda nkhata, adasenza. Amayi olawirira kuchitsime adamuona. Adaseka chikhakhali.

“Taonani Nakwenda! Akusenza mchenga kupita nawo kumchenga!”

“Wapenga mnzathu uja. Chisoni cha mwamuna chamuzungulitsa mutu.”

Nakwenda adangopitirira. Khosi gwa, maso kutsogolo. Ankangoimba chapansipansi:

Senza mchenga, Nakwenda,
Akuseka, senza!
Senza mchenga, Nakwenda,
Akuseka, senza!

Koma lichero la mchenga ndi lolemera, mphwanga, si la madeya. Nakwenda adaopa kukwera milu nalo. Adadzera m'zigwa, kuzungulira mulu uliwonse. Pofika, maluwa adali atangotseka kumene.

Adatula lichero, adakhala pansi, adalira. Inde, adalira ndithu, misozi chuchuchu.

Kagulugufe kadati, “Mwataya mtima?”

Nakwenda adapukuta m'maso. Adati, “Ndani? Ine? Ndikungotsuka m'maso, mwalowa mchenga.”

Duwa lachiwiri lidagwa.

Tsiku lachitatu sadazungulire. Adalunjika. Mulu woyamba, adakwera, adatsika. Wachiwiri, adakwera, adatsika. Wachitatu, mpweya udayamba kuchepa. Wachinayi, adagwa chogwada, manja ali palichero, mchenga osatayika. Wachisanu, adakwera ndi maondo. Wachisanu ndi chimodzi, kum'mawa kudafiira. Wachisanu ndi chiwiri, adatsika chokhala, kutsetsereka ngati mwana.

Maluwa adali otseguka!

Kagulugufe kadati pululu, kadatera paduwa. Kadamwa. Kadapita pa lina, kadamwa. Pa lina, kadamwa. Miyendo yake idachita chikasu ndi fumbi.

Kadati, “Tsopano kwathu. Mawa ndiye tsiku lotsiriza.”

Tsiku lachinayi m'bandakucha, Nakwenda adakwera nalo lichero pamulu waukulu uja. Pachitsamba padatsala duwa limodzi, kamphukira kaja. Lidatseguka. Koma kagulugufe kadali katatopa. Kadayesa kuuluka, kadagwa. Kadayesanso, kadagwa.

Kadati, “Ndinyamuleni. Pang'onopang'ono, musapukute fumbi.”

Nakwenda adatambasula chala. Kagulugufe kadakwera. Adakafikitsa pakamwa pa duwa, kadalowa, kadamwa.

Katatuluka kadatsikira patsinde, kadakumba mumchenga, kadaikira mazira ake.

Kadati, “Mayi, yanga ndatha. Chipatso chipsa mwezi ukatha. Ana anga ali pansi apa. Moto usafike pano.”

Nakwenda adati, “Sufika.”

Kagulugufe kadapinda mapiko. Sikadawatambasulenso. Nakwenda adakafotsera ndi mchenga wa m'lichero muja, mchenga wouma, monga kadafunira.

Duwa lidayoyoka, pamalo pake padatsala kachipatso konga chipwete. Nakwenda ankakayendera tsiku ndi tsiku. Kwinaku akutapa mchenga pachitsime. Kuyendera chipatso, kutapa mchenga. Kuyendera chipatso, kutapa mchenga. Mapazi khumi. Mapazi asanu. Mapazi awiri.

Chipatso chisanapse, mchenga udakhudza mwala.

A Chatsika adati, “Mawu ndidanena kale. Mawa tinyamuka. Koma ulendo wopanda kamba suyendeka. Amuna, tengani moto. Kuseri kwa mulu kwatsala chitsamba chimodzi, ndaonako mauna.”

Nakwenda atamva, adataya lichero. Adathamanga. Amuna aja pofika ndi zikuni zamoto, adamupeza atakhala pakati pa chitsamba, minga ikumubaya, miyendo atatambalala.

A Chatsika adati, “Choka apo, mlongo wanga.”

“Sindichoka, achimwene.”

“Ndati choka! Ana akadya chiyani panjira?”

“Akadya mapira. Pano pali ana a wina.”

“Ana a yani?”

Nakwenda adawafotokozera zonse, za kagulugufe, za fumbi la maluwa, za mizu yogwira mchenga. Amuna ena adaseka. A Chatsika sadaseke, adakwiya.

Adati, “Ine ndatentha tchire kuyambira ndili mwana. Bambo athu ankatentha. Agogo athu ankatentha. Lero undiphunzitse iwe, za kachilombo koti sindidakaonepo?”

Nakwenda adati, “Ankatentha kwawo. Mwatentha zaka zitatu pano, msipu wanu uli kuti? Ndionetseni tsamba limodzi.”

Munthu akasowa choyankha, mphwanga, ndiye amaopsa. A Chatsika adatsitsa chikuni, moto udayandikira masamba.

Nakwenda adatemetsa nkhwangwa pamwala. Adati, “Tenthani. Koma mutentha ndi ine ndemwe. Mukakafika uko, mukawauze kuti mlongo wanu mudamufutsa ngati mbewa.”

Nthawi yomweyo adamva kupuma kwa munthu, wefuwefu. Adacheuka. Adali a Mdzinga. Adakwawa kuchokera kumudzi, adakwera mulu wonsewo ndi manja, zikhatho zitasupuka ndi mchenga wotentha. Sadayang'ane munthu. Adakwawa mpaka pachitsamba, adakhala pambali pa mkazi wawo.

Adati, “Alamu, ine mwandisiya kale. Kufa ndi moto lero kapena ndi ludzu mkuja, kwa ine n'chimodzimodzi. Koma mkazi wangayu sananamepo. Kulongolola ndiye amalongolola, koma bodza ayi.”

A Chatsika adayang'ana mlongo wawo. Adayang'ana zikhatho za mlamu wawo. Adazika chikuni chija mumchenga, moto udazima.

Adati, “Tiyeni, amuna. Asiyeni amisala awa.”

M'mawa mwake mudzi wonse udanyamuka. A Chatsika adaima pakhomo pa Nakwenda.

Adati, “Mlongo wanga, ndikufunsa kotsiriza.”

Nakwenda adati, “Muyende bwino, achimwene. Chitsime mudzachipeza.”

Adatsala awiri, mkazi ndi mwamuna wake. Mchenga udayamba kugwera m'chitsime. Nakwenda ankatsikamo, kutapa, kukwera, kutaya. Madzi ankamwa amatope. Tsiku lina adatapa mpaka manja adakana kugwira lichero. Adalimanga kumkono ndi luzi, adapitiriza.

Chipatso chija chidapsa. Adachiswa, mudali mbewu zodzaza dzanja.

A Mdzinga adati, “Ndipatseni. Inu tapani. Kubzala ndi kwanga, ine ndiye ndili nawo pafupi mchengawu.”

Adakwawa pamulu ponse, mbewu zili m'kathumba pakhosi. Kukumba ndi chala, kuponya, kufotsera. Kukumba, kuponya, kufotsera. Nakwenda ankathirira phando lililonse ndi chikho chimodzi, madzi amatope omwewo. Ndipo nyimbo idasintha:

Gwira mchenga, kambewu,
Usausiye, gwira!
Gwira mchenga, kambewu,
Usausiye, gwira!

Kamvula kadagwa. Mbewu zidamera. Zidayanga, zidayanga, mizu idatsika pansi. Mphepo idawomba, mulu udasuntha chala chimodzi. Idawombanso, mulu udakana. Nakwenda adatapa mchenga wa pamwala uja madzulo. Kutacha adapita kukaona. Mwala udali pamtunda, mbee, wopanda mchenga.

Adaitana, “Bambo! Bambo, tabwerani mudzaone! Waima!”

A Mdzinga adati, “Ndikubwera, mayi, musandithamangitse. Mwaiwala kuti ndilibe miyendo?”

Nyengo ya maluwa itakwana, adakwera onse awiri pamulu m'bandakucha. Adakhala pafupi ndi chitsamba chakale chija. Adadikira. Mchenga wa patsinde udagwedezeka. Kadatuluka kamodzi, kotuwa ngati phulusa. Kenaka kena. Kenaka kena. Nakwenda adawerenga mpaka khumi ndi tiwiri, kenaka misozi idamulepheretsa kuwerenga. Tidauluka pang'ono, n'kupuma pachitsamba. Kuuluka pang'ono, n'kupuma. Sitidafunenso wotisenza.

Patapita zaka ziwiri, kudatulukira anthu kuchokera kuchipululu. Adali ochepa kuposa amene adapita. Kumene adapitako adapeza madzi owawa. Patsogolo padali a Chatsika, ataonda, milomo itang'ambika. Adaona mulu uli biriwiri. Adaona chitsime chili pomwe chidali. Adaona a Mdzinga, munthu amene adamusiya kuti afe, atakhala pamwala paja akupota chingwe chotungira.

A Chatsika adagwada.

A Mdzinga adatunga madzi, adawapatsa. Adati, “Imwani, alamu. Pang'onopang'ono, mungatsamwe.”

Atamwa, a Chatsika adati, “Mlongo wanga, ndidalakwa. Ndichite chiyani?”

Nakwenda adalowa m'nyumba. Adatuluka ndi lichero lija, lakutha, lazigamba. Adalidzaza mchenga, adapinda nkhata, adawaika pamutu achimwene akewo.

Adati, “Milu ina iwiri mudatentha ija ikadali yambulanda, ndipo agulugufe sangafikeko okha. Mawa tambala woyamba. Osazungulira, achimwene. Mulunjike.”

Ndipo a Chatsika, mwinimbumba, katswiri wa mbewa, adasenza mchenga kupita nawo kumchenga. Palibe ndi mmodzi yemwe adaseka.

Wamva, mphwanga? Zimene zimathandiza kwanu, kwina zimapha. Ukafika pamalo, yamba wafunsa amene amagona pansi pa tchire, ngakhale akhale wamng'ono woti sungamuone. Mwina ndi iyeyo akugwirira chitsime chako.

Tsopano bweretsa kuno machesiwo. Bweretsa, usandiyang'ane choncho. Ya mbewa tikambirana mawa.

Nthano yanga ndaitula pamenepa.